Mmene Mbira Anaphunzitsira Ana Chipidigoli cha Dzanja Limodzi

Padangokhala, kale lija nyama zinkayenderana ndi kuitanirana mowa, panali Mbira wina wonenepa, wokonda dzuwa ndi kuyankhula. M'mawa ankatuluka m'phanga mwake, kukhala pathanthwe, n'kumaonerera anzake akugwira ntchito. Akafuna madzi ankatuma, akafuna moto ankatuma. Paja ngakhale mchira anausowa chifukwa chotuma anzake kuti akamutengere, ndiye panalibe amene ankadabwa naye.

Wolamulira mudziwo anali Mfumukazi Nyani, ndipo nduna yake yaikulu inali Njiri. Chaka chilichonse akakolola, a m'mudzimo ankachita phwando pamodzi ndi a mudzi wa kutsidya, ndipo ana a mbali zonse ziwiri ankapikisana pa chipidigoli cham'mbali, chija mwana amaponya dzanja pansi, kenako linzake, miyendo n'kudutsa m'mwamba ngati lichero likugudubuzika, mpaka kuima ndi mapazi. Ana a kwa Mfumukazi ankachitha ndithu, koma ndi manja awiri. Pa phwando la chaka chapitacho ana a kutsidya anabwera ndi chatsopano: anapidiguka ndi dzanja limodzi, linalo ataliika m'chiuno. Potsanzika, makolo awo anafunsa mwaulemu ngati ana a kuno angafune kubwereka manja ena owonjezera. Mfumukazi anaseka pamaso pa alendo, koma mawuwo anamukhala pakhosi chaka chonse.

Phwando lina litayandikira, Mfumukazi anafulula mowa, ndipo nkhani ija inabukanso. Mbira anali atamwa mokwanira.

"Dzanja limodzi n'chiyani?" anatero akupukusa chikho. "Ife pa unyamata wathu tinkapidiguka osagwira pansi n'komwe. Fumbi lokha ndi limene linkadziwa kuti tadutsa."

Njiri anamva, n'kusunga. Iye ankasirira phanga la Mbira kuyambira kale, chifukwa una wake unkalowa madzi ndipo mkazi wake sankamupatsa mpumulo. M'mawa mwake Mbira anaitanidwa kubwalo.

"A Mbira," anatero Mfumukazi, "ndamva kuti m'mudzi muno tili ndi katswiri, ife osadziwa."

"Mayi, mowa umakuza mawu."

"Ndiye kuti munanama?" anafunsa Njiri. "Mukudziwa kuti wonama pamowa wa Mfumukazi amasamuka m'mudzi."

"Sindinaname, a Nduna. Ndangoti mawu anakula. Mwananso amakula, koma sitimati ndi wabodza."

Mfumukazi anabisa kumwetulira. "Phwando lichitika mwezi uno ukafa. Tengani ana muwaphunzitse. Akapidiguka ndi dzanja limodzi, simudzapatsidwanso ntchito ya mudzi."

"Ntchito imene sanaigwirepo," anang'ung'udza Njiri.

"Akalephera," Mfumukazi anapitiriza, "m'phanga mwanu alowamo a Nduna."

Mbira anawomba m'manja n'kubwerera kwawo atazyolika. Chibadwire anali asanapidigukepo, kaya ndi dzanja limodzi, kaya ndi awiri. Ngakhale kutembenuka pogona ankayamba waganizira. Koma zaka zonse zimene anakhala pathanthwe ankaonerera ana akusewera, ndipo ankadziwa amene amagwa ndi chimene chimawagwetsa.

Ana anabwera: a Pusi, a Changa, a Gologolo. Pakati pawo panali Kafere, mwana wa Gologolo, amene pakamwa pake sipankatseka, ndi Mpatseni, mwana wamkazi wa Mfumukazi, wofatsa ndi wamanyazi.

"Pidigukani ndione," anatero Mbira ali pathanthwe.

Ana anapidiguka. Mbira anapukusa mutu.

"Chimenecho si chipidigoli, ndi mphika ukugwa pamafuwa. Mukufuna kuchotsa dzanja limodzi pamene awiriwo akukulemerani? Kafere, tenga phulusa ulembe mzere pansi."

Kafere analemba.

"Dzanja pamzere, dzanja pamzere, phazi pamzere, phazi pamzere. Yambani ndi kutambasula mwendo patali, ngati mukudumpha ngalande. Mwendo wakutsogolo ukankhe pansi, wakumbuyo umenye m'mwamba. Mawondo asapindike. Maso ayang'ane dzanja, osati amayi anu."

Kuti asamachedwe m'mwamba, anawapekera nyimbo. Mbira ankatsogolera, kutchula dzanja ndi phazi motsatana mwaliwiro, n'kumaliza ndi kufunsa kumene dzanja linalo lapita. Ana ankavomera kuti lapita kwa amalume kukapempha mchere, ndipo libwera mawa. Ankaimba akuwomba m'manja, ndipo wopidiguka ankayenera kuima ndi mapazi mawu a mchere asanathe.

Miyendo itawongoka, Mbira anatuma ana kukatola masuku akupsa.

"Aliyense agwire suku m'dzanja lachiwiri. Ukaligunditsa pansi, waphwanya chakudya chako."

Atatero anatsinzina pang'ono. Potsegula maso anapeza ana onse akupidiguka ndi manja awiri, milomo ili noninoni.

"Masuku ali kuti?"

"Tawasunga pabwino, aphunzitsi," anayankha Kafere akusisita pamimba. "Muno sangaphwanyike."

Nthawi yomweyo Njiri anatulukira. "A Mbira, anawa akuvutika chifukwa sanaone. Tsikani muwaonetse."

"Ndikadakonda, a Nduna, koma mwambo sulola. Mphunzitsi akayamba ndiye kupidiguka, amatenga chipidigoli chonse, ana n'kutsala opanda kanthu. Mukufuna mukauze Mayi kuti munandikakamiza kudya gawo la mwana wawo?"

Njiri anafwenthera n'kuchoka.

Mbira anaganiza tsiku lonse. M'mawa mwake analawirira ana asanafike, napita kumunda kukatola ndevu zouma za chimanga, nazifikisa mpaka zinasanduka ngati ubweya. Ntchito imeneyi anaigwira ndi manja ake chifukwa inali yachinsinsi, ndipo zinamupweteka mtima kwambiri. Ubweyawo anauwaza pamzere, pamalo pamene dzanja lachiwiri limatera.

"Ana inu," anatero atafika, "apa pali chitedze. Dzanja loyamba litera poyera. Lachiwiri, zili kwa inu."

Ana onse ankachidziwa chitedze. Panalibe amene anali asanalirepo nacho. Anayang'anana, ndipo mwana wa Pusi anayamba. Anathamanga kuposa kale, anamenya mwendo m'mwamba ndi mphamvu za mantha, dzanja lachiwiri analikumbatira pachifuwa, ndipo anagwa chagada.

"Mwambi uja wa pusi kugwa chagada unanena za agogo ako, suyenera kuutsatira iwe," anatero Mbira. "Dzanja limene latsalalo liwongole, lisagwade. Bwereza."

Anabwereza, n'kugwa chokhala. Anabwerezanso, n'kuima ndi mapazi, akudzandira koma ataima. Nyimbo inayamba yokha. Mbira anafunsa za dzanja lija, ana n'kuvomera za amalume ndi mchere, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ena angapo anali atadutsa pamzere osakhudza ubweyawo. Mpatseni yekha ankathamanga, kufika pamzere, n'kuima.

Njiri anabweranso madzulo. "Tsopano ayamba kutha. Mwambo wanu uja watha ntchito. Tionetseni."

Mbira anali atamuona ali patali, ndipo anali atagubuduka kale m'fumbi kuseri kwa thanthwe. "Mwachedwa, a Nduna. Ndangomaliza kumene. Taonani msana wangawu."

"Ana inu, n'zoona?"

"Fumbi taliona ndithu," anatero Kafere.

Njiri sanakhutire. M'mawa mwake anabisala m'udzu, ndipo anaona Mbira akufikisa ndevu za chimanga. Anasangalala kwambiri moti mchira wake unaima njo, monga umachitira nthawi zonse, n'kutulukira pamwamba pa udzu. Mbira anauona mchirawo, koma anapitiriza ntchito yake akuimba ngati sanaone kanthu.

Tsiku lotsatira Mbira anapita kukathyola chitedze chenicheni, atachigwira ndi timitengo, nachikutumulira pamzere. Ana atafika anawakhazika pansi patali.

"Lero tiyamba ndi kupuma. Kupuma nakonso n'kofunika kuphunzira."

Posakhalitsa Njiri anafika akuyenda monyada.

"Ana inu, akukupusitsani. Apa palibe chitedze. Izi ndi ndevu za chimanga, ndinaona ndi maso angawa."

"A Nduna, musagwire pamenepo," anatero Mbira.

"Ndigwira."

"Ndakuchenjezani pamaso pa ana."

"Chenjezani mkazi wanga kuti ayambe kumanga katundu."

Njiri anagwada pamzere, naviika nkhope yake mu ubweyawo, kupaka tsaya ili ndi ilo. Anadzuka akuseka. Kenako kuseka kunachepa. Anakanda tsaya ndi chiboda, anakanda mphuno, anakhula nkhope pamtengo, ndipo mapeto ake anadzigwetsa pansi n'kuyamba kugubuduka, miyendo ili m'mwamba.

"Yang'anitsitsani, ana inu," anatero Mbira. "Ichi ndicho chipidigoli chimene sitikufuna. Mawondo opindika, mutu pansi, mzere wauphonya. Zikomo a Nduna potithandiza."

Njiri anathamangira kumatope, ndipo masiku angapo sanaoneke. Ana anakwirira mzere umenewo n'kulemba wina. Kuyambira pamenepo panalibe amene ankafuna kuyesa ngati ubweya wa tsikulo unali wa chimanga kapena ayi, ndipo patapita nthawi Mbira anasiya kuwaza chilichonse, ana osazindikira.

Anatsala ndi Mpatseni. Mwezi unali utayamba kuchepa, ndipo Mbira ankadziwa kuti ana onse akatha koma wa Mfumukazi n'kulephera, Njiri adzanena kuti ntchito yalephereka. Anzake atapita, anamuitana.

"Iwe, miyendo yako ndi yowongoka kuposa ya onse. Chimakuimitsa pamzere n'chiyani? Chitedze?"

"Ayi, aphunzitsi. Chitedze chimayabwa n'kuleka."

"Nanga?"

Mpatseni anajambula pansi ndi chala. "Chaka chatha, alendo atapita, ndinayesa ndekha kuseri kwa nyumba. Ndinagwera khosi. Anthu otunga madzi anandiona, ndipo nkhani inafika mpaka kutsidya. Anzangawa akagwa, amati mwana wagwa. Ine ndikagwa, amati mudzi wagwa."

Mbira anatsika pathanthwe, zimene sizinkachitika kawirikawiri.

"Pita ukasende luzi lalitali," anatero.

Luzi litabwera, anamumanga nalo m'chiuno, naliponya pa nthambi, nsonga inayo n'kuigwira yekha.

"Ine ndine wolemera kuposa iwe. Ukayamba kugwa, ndikoka. Pansi sufikapo."

"Mugwiradi?"

"Phanga langa lili pa luzi lomweli. Ukuganiza ndingalitaye?"

Mpatseni anathamanga, anaponya dzanja, dzanjalo linagwada, ndipo Mbira anakoka. Mwanayo analendewera m'mwamba ngati dzungu, kenako anayamba kuseka. Anabwereza, Mbira n'kukokanso. Tsiku limenelo Mbira anatuluka thukuta, ndipo odutsa m'njira anaima kuti aone, chifukwa chinali chinthu chachilendo m'mudzimo.

Anachita chomwecho masiku angapo. Mbira ankaimba nyimbo ija ndi mawu otopa, Mpatseni n'kumavomera yekha za mchere wa kwa amalume. Tsiku lililonse kukoka kunkachepa. M'mawa wina Mpatseni anapidiguka, n'kuima. Anapidigukanso, n'kuima. Anapitiriza mpaka anazindikira kuti akuimba yekha mbali zonse ziwiri za nyimbo. Anacheuka. Mbira anali gone pathanthwe akuliza mkonono, manja ali pamimba, ndipo nsonga ya luzi inali pansi, nyerere zikuyendapo.

"Aphunzitsi, munalonjeza kuti mugwira."

Mbira anatsegula diso limodzi. Kunena zoona, disolo silinali lotseka kwenikweni.

"Pepa, mwana wanga, tulo n'chilombo. Ndagona kuyambira dzuwa lili apo. Wagwa kangati?"

Mpatseni anayamba kuwerenga ndi zala, n'kuleka.

"Sindinagwe."

"Ndiye wandidzutsiranji?"

Mwanayo anamasula luzi m'chiuno, nabwerera kumzere.

Mwezi unafa, phwando linafika. A kutsidya anabwera ndi ng'oma zawo ndi kumwetulira kwawo kwa chaka chatha. Ana awo anapidiguka ndi dzanja limodzi monga kale, n'kukhala pansi akudikira kuseka. Kenako ana a Mbira analowa m'bwalo akuimba. Mbira anafunsa za dzanja, iwo anavomera za mchere, ndipo anadutsa motsatana, Kafere patsogolo, ana a Pusi ndi a Changa pambuyo pake, miyendo yowongoka ngati mivi. Womaliza anali Mpatseni. Anafika pamalo poyambira n'kuima kanthawi. Kenako anathamanga, napidiguka ndi dzanja lamanja, ndipo asanapume anabwereranso ndi lamanzere, zimene ngakhale Mbira sanamuphunzitse. Azimayi anaimba nthungululu. Mfumukazi anatembenukira kwa alendo n'kuwafunsa mwaulemu ngati ana awo angafune kubwereka mphunzitsi.

Pamenepo Njiri anaimirira, nkhope ili ndi zotupa za kukanda kuja.

"Mayi, ana atha, sindikutsutsa. Koma mawu amene ananenedwa pamowa wanu sanali a dzanja limodzi. Mkuluyu anati amapidiguka osagwira pansi n'komwe. Mwambo wake uja watha, fumbi lake lija talimva. Lero tione ndi maso, pamaso pa alendo. Ngati sangathe, ananama."

Mfumukazi anayang'ana Mbira. Ankamukonda tsopano, koma lamulo linali lamulo.

"A Mbira, mwamva."

Mbira anatsika pampando pang'onopang'ono, nayenda mpaka pakati pa bwalo. Anatambasula mwendo umodzi, msana n'kulira. Anayang'ana ana ake a sukulu, ndipo anaona kuti onse akudziwa kuti iye satha kupidiguka. Ankadziwa kuyambira tsiku la fumbi lija, mwinanso kuyambira tsiku loyamba.

"A Nduna, tibwereze mawu anga kuti pasakhale mkangano. Ndinati chiyani?"

"Munati mumapidiguka osagwira pansi."

"Basi?"

"Basi."

"Ana inu, imani pamzere."

Mpatseni ndiye anayamba kumvetsa. Ananong'oneza Kafere, Kafere ananong'oneza onse, ndipo anaima awiriawiri moyang'anana. Oyamba anamunyamula Mbira m'chiuno, namutembenuza mutu pansi miyendo m'mwamba, n'kumupereka kwa otsatira. Otsatirawo anamutembenuzanso n'kumupereka kutsogolo. Mbira anayenda bwalo lonse akuzungulira ngati lichero, manja atawapinda pachifuwa, nkhope ili yaulemu ngati ali pamlandu. Ana ankaimba nyimbo ija, koma tsopano ankafunsa kumene manja onse awiri apita, ndipo khamu lonse, ndi alendo omwe, linavomera kuti atsatana kwa amalume chifukwa mchere unachuluka.

Kumapeto kwa mzere anamuimika ndi mapazi. Mbira anadzandira, nagwira phewa la Mpatseni, n'kudikira kuti bwalo lileke kuzungulira.

"A Nduna, ndapidiguka kapena ayi?"

"Mwapidigulidwa."

"Pansi ndagwira?"

Njiri anayang'ana Mfumukazi, koma Mfumukazi anali atagwira nthiti, misozi ikutsika.

"A Nduna," anatero atapeza mpweya, "pamowa sanatiuze kuti ankapidiguka ndi mphamvu za yani. Ifenso sitinafunse. Phanga ndi lawo. Koma una wanu ukudonthadi, ndiye mawa anyamata akakukumbireni wina pamtunda."

Njiri anang'ung'udza, koma atakumbukira kuti mkazi wake akhala chete tsopano, anapita kukafuna chikho.

Mbira anagona tsiku lonse lotsatira, akuganiza kuti mavuto ake atha. Koma m'mawa wa tsiku linalo, atangokhala pathanthwe kuti aothere dzuwa, anamva nyimbo ikubwera m'njira. Anali ana aja, ndipo anali atatenga ang'ono awo.

"Aphunzitsi, awa sanaone bwino tsiku lija," anatero Kafere. "Tabwera kuti mubwereze."

"Maphunziro anatha."

"Athu anatha," anatero Mpatseni. "Anu angoyamba kumene. Mawondo anu anali opindika."

Anamunyamula, namuzunguza mpaka kumapeto kwa mzere ndi kubwerera. Mawa lake anabweranso, ndi mkuja womwe. A kutsidya nawo anayamba kutumiza ana awo, ndipo aliyense ankafuna kumugwirako katswiri wopidiguka osagwira pansi. Mbira anayamba kuothera dzuwa khutu lili tcheru, ndipo akangomva mapazi ankalowa mumng'alu wa mwala mwaliwiro limene palibe ankadziwa kuti ali nalo.

N'chifukwa chake mpaka lero, ukamuona mbira pathanthwe n'kumuyandikira, amathawira m'miyala usanamupatse n'komwe moni. Si kuti amakuda ayi. Amangoganiza kuti wabwera kudzamupidigula.

Yanga yathera pompa. Amene msana wake ukadali bwino, bwalo ndi ilo.